Kodi wosewera mmodzi waluso angapulumutse filimu yofooka?

Funso:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tiyerekeze filimu yopanda kampani yaikulu kumbuyo kwake: nkhani yake ndi yapakatikati, masamba 90, masiku ojambula 12 okha, ndipo ndalama zikukwana kulipira katswiri wa zisudzo mmodzi. Munthu mmodziyo amasintha chiyani kwenikweni? Nanga timugwiritse ntchito bwanji?

Yankho loyamba:
Achimwene, choyamba amakupulumutsirani nthawi. Masamba 90 m'masiku 12 ndiye kuti 7 kapena 8 patsiku, ndipo tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini. Wosazolowera amaiwala mawu, amadutsa chizindikiro chimene mwamuikira pansi n'kutuluka mu fokasi, mpaka mubwereze kakhumi dzuwa likupita. Katswiri, ulendo wachiwiri kapena wachitatu mwapeza kale chimene mukufuna. Komanso akanyamula kapu ndi dzanja lamanja pa liwu linalake, adzateronso nthawi zonse. Zimaoneka zazing'ono, koma popanda zimenezi edita, amene amalumikiza zidutswa za filimu, sangalumikize shoti (chithunzi) yapatali ndi yapafupi.

Yankho lachiwiri:
Zoona, koma mphamvu yake yeniyeni ili pomvetsera, osati polankhula. Sikiripti (nkhani yolembedwa ya filimu) yofooka imakonda kunena zonse: munthu wakhumudwa, ndiye akuti "ndakhumudwa". Musanajambule, khalani pansi tsiku lathunthu muwerenge limodzi, pensulo ili m'manja. Paliponse pamene katswiriyo akhoza kusonyeza chinthucho ndi maso, kapena ndi kuchedwa kuyankha, fufutani mawuwo.

Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anaonetsa kalekale kuti nkhope imodzimodzi ya wosewera Ivan Mosjoukine, ikatsatana ndi mbale ya supu kapena bokosi la maliro, oonera amaonamo njala kapena chisoni. Choncho nkhope yodekha, yamoyo mkati, ndi chuma chenicheni kwa edita. Ijambuleni pafupi ndi lenzi ya 50mm kapena 85mm. Kumbuyo kumachita chimbuuzi, ndipo umphawi wa malo ojambulira umabisika. Akamaliza mawu musafulumire kunena "cut" kuti kamera iime. Dikirani masekondi asanu kapena khumi. Nthawi zambiri ndi pamenepo pamene ameza malovu, n'kuyang'ana pansi, chibwano chikunjenjemera pang'ono, ndipo gawo lonselo limatsamira pa kamphindi kameneko.

Yankho lachitatu:
Ndichenjezepo pa ziwiri. Katswiri amakonda kutsitsa mawu pamene zinthu zafika povuta. Maikolofoni ikakhala ya pa kamera, mamita atatu kutali, mudzajambula firiji ndi mphepo, iyeyo osamveka. Boom, maikolofoni ya pa ndodo yaitali, ikhale pamwamba pa mutu wake, kunja pang'ono kwa chithunzi, yoloza kukamwa, ndipo pa malo aliwonse jambulani masekondi 30 a chete wa m'chipindamo. Oonera amapirira chithunzi chakuda, koma mawu osamveka sawapirira.

Chachiwiri, akawala yekha, kufooka kwa anzake kumaonekera kwambiri. Mutu umodzi susenza denga. Muzigwirizana kuti azikhalapo pambali pa kamera n'kumasewera ndi mtima wonse pamene mukujambula nkhope ya mnzake, osati wina aziwerenga mawu ake papepala. Wosazolowera akapatsidwa maso enieni oti ayang'ane amasintha pompo. Koma ngati nkhaniyo siikunena chimene munthuyo akufuna, konzani sikiripti kaye. Katswiri sangasewere cholinga chimene palibe.