Mabikoni pa bwalo la mpira kwathu

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Ndangochokera kumudzi. Pa bwalo la mpira pazikidwa mabikoni, kuyambira pa golo lakumadzulo kutsikira kudambo. Akuti Lachiwiri kunabwera anyamata awiri ndi makina oyezera malo. Chithunzi ndi icho.

Mayi a ku Chinsapo: Mayo ine! Bwalo lomwe lija ana asukulu amasewerapo?

Achimwene a ku Joni: Wagulitsa ndani? Tchulani dzina.

Mlembi: Dzina sinditchula ndisanaonane ndi agulupu.

Aphunzitsi: Ndinanena pa maliro aja chaka chatha, ena munati ndikukokomeza. Tauni yatipeza. Kale tikatsika basi pa Chitedze tinkadutsa m'minda ya chimanga ndi fodya. Lero kuchoka pa Gateway kudutsa pa Njewa ndi mipanda ya njerwa yokhayokha. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 670,000 mumzinda wa Lilongwe, wa 2018 anapeza 989,000. Onsewa agona kuti? Ku Area 47 ndi ku Area 10 malo sangawakwanitse. Ndiye akubwera kwa ife, kumene puloti amangogula pamanja, mboni n'kukhala nyakwawa.

Aphunzitsi: Ine kugulitsa sindikuletsa, munda ndi wa mwini wake. Chikundiwawa ndi kadulidwe kake. Aliyense akudula 15 kwa 30, 15 kwa 30, mpaka m'malire, osasiyako msewu. Mawa pakadwala mayi woyembekezera ambulansi idzalowera pati? Chimbudzi cha uyu chikukumbidwa pafupi ndi chitsime cha mnzake, ndipo kolera wa 2023 tonse tinamuona. Pitani ku Mtandire mukaone. Anthu anamanga mpaka m'mbali mwa Lingadzi, mu February 2017 madzi anawalowera m'nyumba. Ku Chilobwe anakwera phiri la Soche, namondwe wa Freddy atabwera mu March 2023 matope anakwirira mabanja. Dambo ndi njira ya madzi. Mukalitseka ndi maziko, madziwo adzafuna njira ina, ndipo njirayo ndi makomo a amayi athu kumunsi kuja.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, mfundo yake ndi iti? Foni ikutha moto.

Aphunzitsi: Mfundo ndi iyi. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati pakhale komiti ya malo: agulupu ngati wapampando, ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu akhale amayi. Kwathu komitiyi ilipo? Anaisankha ndani, liti? Ndikupempha tisonkhe ndalama, tiitane woyeza malo wovomerezeka, ayeze bwalo, dambo ndi manda, zilembedwe kuti ndi za mudzi wonse. Kenako tidzale mitengo m'malire. Nyumba ikangofika pa lintala, palibe adzaigwetse.

Mayi a ku Chinsapo: Kusonkhanso? Tiyambe tamva za mjigo.

Achimwene a ku Joni: Eyaa, mwanditengera pakamwa, mlongo. Ine ndinatumiza kawiri. Mjigo uli kuti? Amayi anga mpaka lero akutunga pachitsime cha kudimba.

Msungichuma: Nkhani imeneyi ndinaifotokoza pa msonkhano wa Khirisimasi. Okumba anafika, anapeza mwala, anabwerera. Ndalama ya mafuta sanabweze.

Mayi a ku Chinsapo: Malisiti?

Msungichuma: Ali m'kope. Kope lili kwa Wapampando.

Achimwene a ku Joni: Chaka chino n'chachitatu kope lili kwa Wapampando.

Msungichuma: Ngati mukundiyesa wakuba nenani poyera. Ana anga ali pagulu pano, akuwerenga.

Aphunzitsi: Abale, za mjigo tidzakhalira pansi, ine ndemwe ndikufuna kuziona. Koma mjigo tingakumbe chaka chamawa. Bwalo likapita lapita. Pamene likulu linkachoka ku Zomba mu 1975, boma linayamba lajambula mapu: apa msewu, apa sukulu, apa msika, nyumba pambuyo. Madera amene anakula kunja kwa mapuwo ndi amene akuvutika lero, sukulu ilibe pokulira, mpope ulibe podutsa. Ifeyo tikadali ndi mpata wojambula tokha tisanadzaze.

Mphwathu wa kabaza: Ndilankhuleko ine amene ndimagona kumudziko. Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, inu muli ndi nyumba ku Area 25. Pamalo pamenepo panalibe midzi ya eni ake? Inu kukhala m'tauni zili bwino, ife tauni ikatipeza tikhale alonda a dambo? Feteleza sitikumukwanitsa, munda sukubereka. Ine ndinagulitsa theka la munda, ndinagula njinga yamoto, ana akudya. Obwerawo ndi amene ndimawanyamula m'mawa uliwonse.

Aphunzitsi: Mwana wanga, sindikukutsutsa, ndipo za Area 25 wanena zoona. Koma theka linalo ukadzagulitsanso, njinga itatha, ana ako adzalima kuti? Ndaona anthu akuchita lendi pa nthaka yomwe anabadwirapo, ena akulondera pageti pomwe panali nkhokwe ya agogo awo. Munda wako gulitsa ngati wafuna. Bwalo si la munthu mmodzi.

Azakhali: Funsani bwino za mbali yakudamboyo. Dimba limenelo ndi la mbumba yathu. Mkamwini amagulitsa bwanji malo a kuchikazi eni mbumba ali moyo?

Mlembi: Azakhali, sitinatchule munthu.

Azakhali: Ine ndatchula? Amene wamva kuwawa akudzidziwa.

Achimwene a ku Joni: Mawu oti mkamwini atuluke pagulu pano. Enafe tinakwatira kumeneko, ndipo denga la tchalitchi tinasonkha nawo.

Mayi a ku Chinsapo: Nanga kumanda? Ndamva kuti mpanda wina wafika pa mitengo ya kudambwe. Akuluakulu angokhala chete?

Aphunzitsi: N'chifukwa chake ndikuti tiyeze zonse pamodzi. Loweruka ndikwera minibasi yoyamba, ndikaonane ndi agulupu ndi ahedi a pasukulu. Ndikufuna anthu awiri ondiperekeza, mmodzi akhale mayi. Ndalama yoyezera isapite m'manja mwa munthu, titsegule akaunti ya anthu atatu osayinira.

Msungichuma: Ndiye kuti ine mwandichotsa?

Aphunzitsi: Sindinatero.

*Msungichuma watuluka pagulu.*

Achimwene a ku Joni: Mwaona? Kope lija ndiye lapita.

Mlembi: A Wapampando, mauthenga mukuwaona. Tiyankheni, Loweruka tipite kapena ayi?

Mphwathu wa kabaza: Ndadutsa pabwalo pompano ndi kasitomala. Lole yatsitsa mchenga pa golo lakumadzulo, ina ikubwera ndi miyala.