Kodi tanthauzo la nthano tiziliulula kapena omvera azilifukula okha?

Akuluakulu ndi anzanga, ndikupempha nzeru. Ndimatsogolera kagulu ka achinyamata kofotokoza nthano kuno ku Chinamwali, ndipo nthano imene ndapeka yatigawanitsa. Ndi ya Nyani amene nyama zidamusankha kuti azisunga nkhokwe ya mudzi, koma chaka ndi chaka ankanena kuti chimanga chatha ndi anankafumbwe. Kalulu adawaza phulusa patsinde pa nkhokwe usiku, ndipo kutacha adangofunsa kuti, "Kodi anankafumbwe a kuno ali ndi michira?" Nthano imathera pomwepo.

Akuluakulu amene adaimva adayang'anana n'kugwedeza mitu, chifukwa adadziwa kuti ndikunena za ogawa chimanga cha thandizo, pamene achinyamata adangoseka mchira wa Nyani. Anzanga akufuna kuti kumapeto tizinena kuti "phunziro lake ndi lakuti", koma ine mtima ukukana. Mayi woimba pamtondo sadzudzula mwamuna wake pomutchula dzina, komabe mwamunayo amamva. Alakatuli a ku Chancellor College ankabisa mawu awo mwa nanzikambe ndi Napolo, chinjoka chimene amati chimagumula mapiri, m'nthawi ya a Kamuzu, ndipo a Jack Mapanje adatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Iwo ankaphiphiritsa poopa ndende. Nanga ife amene tili ndi ufulu wolankhula, tipitirize kuphiphiritsa ngakhale ana asakumva?

Yankho loyamba: Achimwene, musaulule. Mukangotchula ogawa chimanga, nthano yanu isanduka mlandu wa mudzi umodzi, ndipo mawa muitanidwa kwa amfumu. Mukamaliza kufotokoza, afunseni anawo kuti n'chifukwa chiyani nyama zidasankha Nyani pamene zinkadziwa kuti amadya chimanga, kenaka muwasiye atsutsane okha.

Yankho lachiwiri: Ine ndikuona kuti vuto si achinyamatawo ayi. Napolo ankamveka kwa anthu a ku Zomba chifukwa ankakumbukira madzi amene adagumuka m'phiri mu 1946, kotero wolemba sankafunika kulongosola. Nyani wanu alibe chilichonse chimene ana adachionapo ndi maso. Mupatseni kaundula wa mayina m'manja, aziitana nyama pamzere dzuwa likuswa mtengo, ndipo dzina la Kamba wokalamba lizisowa chaka chilichonse pamene la mlamu wa Nyani likuwerengedwa kawiri.