Argosy yabwera ndi madzi ooneka ngati tiyi, tithiremo coolant uti?

Wa ku Kanengo: Akuluakulu thandizeni. Ndalandira thiraki ya Freightliner Argosy ya injini ya Cummins ISX. Hosi ya pansi inaphulika ikukwera kuchokera ku Tete kupita ku Zobue. Dalaivala anamanga, nkuthiramo madzi a pamjigo ndi zigubu ziwiri za coolant (mankhwala osakaniza ndi madzi a mu radiyeta) wofiira yemwe anagula panjira. Kale munali wobiriwira. Pano zomwe zikutuluka zikuoneka ngati tiyi wamkaka. Hosi ndasintha, koma ndithiremo chiyani? Mwini wake akufuna inyamuke Lachisanu, akuti ingogulani wobiriwira.

Dalaivala wa njira ya Beira: Kkkk musamunene mnzathuyo. Ku Tete mwezi wa Okutobala galimoto itaima padzuwa, ngakhale madzi a mpunga ungathire. Komanso ine sindimvetsa, kuno kuli chisanu choumitsa madzi choti tizithirira coolant? Ife takhala tikuyendera madzi okhaokha.

Madala a ku Limbe: Mwanawe wa ku Kanengo, usanagule kanthu yamba waona ngati tiyi wakoyo si oilo. Tunga pang'ono m'botolo loyera, ulisiye ola limodzi. Oilo amayandama pamwamba. Akayandama, nkhani ndi oil cooler kapena gasiketi, coolant watsopano ungomutaya. Uonenso dipstick.

Wa ku Kanengo: Ndayesa madala. Palibe choyandama, koma pansi pakhala matope. Oilo wa injini ali bwino.

Madala a ku Limbe: Ndiye ndi dzimbiri ndi mankhwala awiri omwe sakugwirizana. Tsopano adalaivala mumve. ISX ili ndi ma liner, mapaipi achitsulo momwe pisitoni imayendamo, omwe kunja kwake kumakhudza madzi. Pisitoni ikamagunda, liner imanjenjemera, madzi amapanga tithovu ting'onoting'ono tomwe timaphulikira pachitsulo. Pang'onopang'ono timakumba ngati chiswe mpaka kuboola. Ndinatsegulapo injini ina yomwe inkayendera madzi a pampopi okha, kumbali kwa liner kunali ngati chisa cha njuchi, madzi onse ali mu sump, mokhala oilo pansi pa injini. Munthuyo anasunga ndalama ya zigubu zingapo nkulipira ovaholo. Coolant kuno sitimuthirira chisanu ayi, timamuthirira chiswe chimenechi ndi dzimbiri.

Wa ku Joni: Ndionjezere apo. Za mtundu muiwale achimwene, ndi utoto chabe umenewo. Kampani iliyonse imapaka womwe yafuna. Ofiira alipo a mitundu ingapo, obiriwira chimodzimodzi. Tembenuzani chigubu muwerenge kumbuyo. Pa Cummins fufuzani nambala ya muyezo ya CES 14603, kapena osachepera ASTM D6210, ndiye wa mainjini akuluakulu a dizilo. Mukaona ASTM D3306 yokha, ameneyo ndi wa magalimoto ang'onoang'ono, ma liner anu sawateteza mokwanira. Chigubu chopanda nambala iliyonse, chongolembedwa kuti cha magalimoto onse, chisiyeni pashelefu.

Wa ku Kanengo: Nanga mu sitolo mwathu muli chigubu chachikasu chotsala cha Volvo, cha VCS. Sindingapulumukirepo?

Wa ku Joni: Chisungireni Volvo. Aliyense ali ndi buku lake. Benz amalemba 325.0, 325.3 kapena 325.5 kutengera injini, MAN amalemba 324, Caterpillar EC-1. Za ku Japan ngati Hino ndi Isuzu zimakonda wa phosphate wopanda silicate. Ngakhale pa Volvo pomwepo, wachikasu uja saloledwa kusakaniza ndi wobiriwira wawo wakale.

Mayi wa ma spare ku Mzuzu: Funso langa ndi limodzi bambo. Fyuluta ya madzi ilipo pa injiniyo? Anthu amaiwala kwambiri. Zina zimakhala ndi mankhwala a SCA mkati, oonjezera mu coolant kuti ateteze ma liner, omwe Fleetguard amawatchula DCA4, zina zimakhala zopanda kanthu, zongosefa. Mukasankha coolant wa masiku onse, yemwe amateteza ma liner ndi mankhwala a nitrite, fyuluta yamankhwala ndiyo yake, ndipo muziyeza ndi timapepala toyezera nthawi ya sevisi. Mukasankha mtundu winawo, wokhalitsa womwe amautchula OAT, ikani yopanda mankhwala. Ndaona anthu akugula coolant wodula nkumuononga ndi fyuluta.

Wa ku Kanengo: Ilipo mayi, koma yakalamba moti zolemba sizikuwerengeka. Ndiye mwa awiriwo nditenge uti?

Madala a ku Limbe: Ine ndingatenge wa masiku onse wa D6210 ndi fyuluta yamankhwala. Osati kuti OAT ndi woipa, ndi wabwino zedi, koma amafuna galimoto yomwe palibe wothiramo za panjira. Iyi mawa ikadonthanso ku Moatize mukudziwa kale zomwe zichitike. Ndalama ya wokhalitsa imabwerera akakhalitsadi.

Wa ku Joni: Apa madala ndikutsutsani pang'ono. Akapatsa dalaivala chigubu cha malita 20 chosakaniza kale mukabini, OAT amayenda bwinobwino, ndipo za kuyeza SCA zimatha. Ndi angati kwathuko amene ali ndi timapepala toyezera?

Madala a ku Limbe: Chigubucho chikafika ku Beira chisanagulitsidwe ndiye tikambirane.

Dalaivala wa njira ya Beira: Madala mwatilaula!

Mayi wa ma spare ku Mzuzu: Aliyense amene musankhe, tsukani kaye. Khuthulani injini itazizira, thirani mankhwala otsukira, ilire mpaka thermostat itatseguka, heater ili yotsegula, khuthulaninso. Bwerezani ndi madzi mpaka atuluke oyera. Madzi osakanizira akhale distilled, aja othira mu batire, koma osati asidi chonde. A pamjigo ambiri ali ndi mchere womwe umamata m'machubu a radiyeta ngati mmene umachitira mu ketulo.

Madala a ku Limbe: Ndipo posakaniza pali msampha. Ukatsuka, madzi ena amatsalira mu block ndi mu heater. Ukathira wosakaniza kale wa theka ndi theka, otsalawo amamusungunula. Gula wosasungunula, uone m'buku kuti yonse imalowa malita angati. Tiyerekeze 40: yamba wathira 20 a coolant, kenako udzazitse ndi madzi. Usapitirire 60 peresenti poganiza kuti ukukometsa, glycol, mankhwala enieni a mu coolant, akachuluka satenga kutentha bwino ngati madzi. Theka ndi theka amawira cha pa madigiri 108, ndipo chivindikiro chabwino cha radiyeta chimakweza kuposa apo, choncho uyezenso chivindikirocho. Wakaleyo usamutaye pabwalo. Amatsekemera, agalu ndi mbuzi amanyambita, ndipo amapha impso.

Wa ku Kanengo: Ndabweranso akuluakulu. Ndatsuka kanayi madzi asanayere. Ndapeza wosasungunula wolembedwa D6210 ndi CES 14603, ndipo mtundu wake ndi wapepo, moti abwana anakana poyamba mpaka nditawaonetsa kumbuyo kwa chigubu. Fyuluta ndasintha. Chivindikiro chinali chitatha rabala, mwina nchifukwa chake ankangoonjezera madzi hosi isanaphulike nkomwe. Ndalemba dzina la coolant ndi tsiku pa thanki ndi maka.

Mayi wa ma spare ku Mzuzu: Ikabwera ulendo woyamba mutungenso m'botolo muja. Matope akabwerera, radiyeta ichoke ikatsukidwe payokha.