Kalulu wa zaka zisanu: tilipire opaleshoni kapena timutenge mmene alilimu?

Make Tadala:
Abale anzanga, mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama. Ena mukudziwa kuti tili ndi kalulu wamphongo, uja ana anamutcha Mbatata. Mnzake anafa mu Januwale, ndiye chifereni mnzakeyo amangokhala duu pakona, kudya kwake konyinyirika. Tapeza wamkazi kumalo ena osungira akalulu otayidwa konkuno ku Leicester. Akuti ali ndi zaka ngati zisanu, eni ake anasamuka n'kumusiya. Anzake onse amawapanga opaleshoni asanawapereke, koma uyu akuti poti ndi wamkulu, chisankho asiyira ife. Tikafuna, apita naye kwa dokotala wawo kukachotsa chiberekero tisanamutenge, ife tilipire £190, kuwonjezera £110 yoyezera magazi ndi X-ray. Tikapanda kufuna, timutenga chonchi. Mbatata ndi wofula kale, za ana palibe. Kodi £300 imeneyi ndi yoyenera?

Malume a ku Luton:
Mayi, £300 pa kalulu? Kwathu ku Dedza kalulu safika zaka zisanu, amakhala atalowa mumphika kalekale. Tumizani ndalamayo kumudzi agule feteleza, mudzandithokoza pokolola.

Nachisale:
Malume mwayamba. Mayi afunsa za kalulu wa ana awo, osati ndiwo.

Malume a ku Luton:
Chabwino, ndiyankhe mwaulemu. Mbuzi timafula kuti inenepe ndi kuti isamavutitse zazikazi. Apa wamphongo ndi wofula kale, wamkazi ndi nkhalamba. Mukutseka khomo loti palibe amene alowepo. Phindu lake lili pati?

Nangozo:
Ankolo, funso lanu ndi labwino, ndipo ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Ine ndikuphunzira unamwino wa ziweto, ndiye izi timaziona. Kwa kalulu wamkazi nkhani si kubereka ayi, nkhani ndi khansa ya chiberekero. Ndi khansa imene imapezeka kwambiri mwa akalulu aakazi, ndipo chiopsezo chimakwera akapitirira zaka zitatu kapena zinayi. Mukafufuza pa intaneti mupeza akulemba kuti mpaka 80 pa 100 alionse. Nambala imeneyo musaimeze yonse, inachokera ku kafukufuku wakale kwambiri wa akalulu osungidwa mu labotale, ndipo inali ya mitundu ina yokha. Koma ngakhale mutaichepetsa, matendawa ndi ofala. Kumudzi sitiwaona chifukwa cha zomwe mwanenazo, kalulu amadyedwa asanafike msinkhu wake. Kuno kalulu wa m'nyumba amatha kukhala zaka 8 mpaka 12. Wa zaka zisanu ali pakatikati pa moyo, sanafike pa ugogo.

Make Tadala:
Koma akuoneka wathanzi bwino, mwanawe. Ubweya wosalala, akudumpha, anandilanda masamba m'manja.

Naphiri wa ku Nottingham:
Chikomekome cha mkuyu, achemwali. Kalulu ndi nyama yodyedwa ndi zinzake, ndiye amabisa matenda mpaka zinthu zitafika poipa. Ine ndasunga akalulu kuno zaka zambiri ndipo wanga woyamba ndinamutaya chonchi. Ndinkati opaleshoni ndi zachizungu zowonongetsa ndalama. Tsiku lina ndinaona timadontho ta magazi pamene amakodza. Ndinadzinamiza kuti ndi zakudya, poti mkodzo wa kalulu umafiira nthawi zina malinga ndi masamba amene wadya. Pomwe ndimapita naye kwa dokotala, chotupa chinali chitafalikira ku mapapo. Panalibenso chopanga. Ndalama zomwe ndinalipira masabata omalizawo zinaposa zimene ndinkakana poyamba, kalulu n'kufabe.

Bambo a Yamikani:
Pepani Naphiri. Koma ndilankhuleko mbali inayo, kuopa kuti Make Tadala angamve mbali imodzi. Ife tinalipira. Wathu anali wa zaka zinayi, wopanda vuto lililonse. Tinamusiya m'mawa, madzulo tinakamutenga ali moyo, koma kufika kunyumba anakana kudya. Ife osadziwa, tinati ndi ululu wa bala, mawa adya. Tsiku lachiwiri anafa. Mwana wanga analira sabata yathunthu ndipo mpaka lero amati tinamupha ndife. Ndiye munthu akandiuza kuti opaleshoni imapulumutsa, mtima wanga suvomera msanga.

Nangozo:
Ankolo, pepani kwambiri. Zimene mukunenazo ndi zenizeni ndipo sindingazibise. Kafukufuku wamkulu wa kuno ku UK amene anatuluka mu 2008 anapeza kuti mwa akalulu ogonetsedwa ndi mankhwala, pafupifupi mmodzi mwa 72 ankafa. Mwa athanzi okhaokha anali mmodzi mwa 137. Agalu ndi amphaka chiwerengero chawo chinali chotsika kwambiri kuposa apa. Chiyambire nthawi imeneyo njira zogonetsera zasintha, komabe kalulu si galu.

Chimene chinachitikira wanu chikumveka ngati matumbo anaima. Mimba ya kalulu imafuna kuti chakudya chizidutsa nthawi zonse. Akangosiya kudya chifukwa cha ululu kapena mantha, matumbo amasiya kuyenda, mpweya umadzaza, zinthu zimaipa msanga. N'chifukwa chake kalulu samusalitsa chakudya asanapite ku opaleshoni ngati mmene amachitira ndi anthu kapena agalu. Iye sasanza, ndiye palibe chifukwa. Anti Make Tadala, mukaimba foni n'kumva wina akuti musamupatse chakudya usiku, dziwani kuti pamenepo akalulu sawazolowera.

Bambo a Yamikani:
Ife anatiuza zimenezo ndendende, kuti asadye kuyambira usiku. Ndipo potuluka sanatipatse mankhwala a ululu.

Nachisale:
Mayo ine. Pamenepo vuto silinali opaleshoni yokha, achimwene.

Naphiri wa ku Nottingham:
Ndi zimene ndimafuna kunena. Funso lisakhale loti opaleshoni kapena ayi basi, koma akupanga ndani. Bungwe la Rabbit Welfare Association & Fund lili ndi mndandanda wa madokotala odziwa akalulu. Yang'anani ngati dokotala wa kumalo osungirako ali pamenepo, kapena mufunseni kuti amapanga akalulu angati pa mwezi. Anga awiri omwe ndili nawo pano onse anapangidwa, mmodzi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinabwera naye ndi botolo la meloxicam la ululu, ndi chakudya chaufa chosungunula m'madzi chomwetsa ndi sirinji. Usiku woyamba sindinagone, ndimangoyang'ana ngati wachita timanyi take. Mwamuna wanga anandiseka kuti ana athu omwe sindinawadikirire chimbudzi chonchi. Titaona timibulu toyamba m'mawa ndinaimba nthungululu, aneba akadandimva akanaitana apolisi.

Malume a ku Luton:
Ha! Tinabwera ku Ulaya kudzalondera manyi a kalulu. Amayi anga akamva zimenezi adzati ndalodzedwa.

Nachisale:
Koma Malume, mawu anu a ndalama aja ali ndi mfundo, tisawataye. Make Tadala, £300 ndi mashifiti angapo a usiku. Ndipo musayembekeze kuti inshuwalansi ibweza, makampani ambiri salipira zofula kapena kuchotsa chiberekero pamene nyama sikudwala. A PDSA, bungwe lachifundo lochiza ziweto za anthu ovutika, amathandiza, koma amafuna munthu wolandira thandizo la boma, ndipo ambiri a ife ma visa athu salola zimenezo. Onjezanipo katemera wa chaka ndi chaka wa matenda oopsa a akalulu otchedwa myxomatosis ndi RVHD, udzu wouma umene akalulu awiri amatha ngati ng'ombe, ndi malo. Bungwe lomwe Naphiri atchulalo limati akalulu awiri akhale ndi malo osachepera mamita 3 mulitali ndi 2 mulifupi. Walira mvula walira matope. Ngati £300 ikuvuta lero, mudzatani akadzadwala mano?

Ine ndikanakhala inu ndikanafunsa ngati alibe wamkazi wina wopangidwa kale. Si tchimo kusankha chimene thumba likukwanitsa.

Make Tadala:
Zoona asisi, ndinafunsa. Alipo awiri, koma ndi ana a chaka chimodzi, othamanga ngati mphepo. Mbatata ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndikuopa angamutopetse. Komanso Tadala anamuona kale uyu, wamutcha kale dzina. Mukudziwa ana.

Naphiri wa ku Nottingham:
Ndiye pali chinanso chimene sitinakambe. Wamkazi wosapangidwa ndi wovuta kumuphatikiza ndi mnzake. Amalondera malo ake, amalira mokwiya, amatha kuluma. Nthawi zina thupi limamunamiza kuti ali ndi bere, ayamba kudzizula ubweya pachifuwa n'kumamanga chisa, ndipo masiku amenewo safuna wina pafupi. Inu mukumutengera kuti Mbatata apeze mnzake. Mukamutenga chonchi n'kukamenyana, mudzakhala ndi akalulu awiri osungulumwa m'makola awiri. Akalulu akamenyana sachita zamasewera, amang'ambana makutu.

Ngakhale atapangidwa musawaphatikize tsiku lomwelo. Bala lipole, thupi likhazikike, papite masabata angapo. Kenako muwakumanitse pamalo poti si pa Mbatata, ine ndinagwiritsa ntchito bafa.

Bambo a Yamikani:
Ine ndikadali ndi mantha anga, koma ndinene chimodzi. Ngati mupanga, apangidwe adakali m'manja mwa osungawo, osati atabwera kwanu. Iwo amadziwa kumwetsa ndi sirinji, amadziwa kalulu akayamba kufooka. Inu muli ku shifiti ya maola 12, adzamuyang'ana ndani? Ndipo zikavuta, Mulungu aletse, mwana asakhale kuti wagona naye m'nyumba imodzi mwezi wathunthu. Ife chimene chinatipweteka ndi chimenecho.

Nangozo:
Ankolo anena zoona. Ndiwonjezere za £110 ija, poti ndikuona ngati ndi imene anthu amafuna kudumpha kuti asunge ndalama. Kwa kalulu wa msinkhu uwu imeneyo ndiye yoyamba. Magazi amaonetsa ngati impso ndi chiwindi zingapirire mankhwala ogonetsa. X-ray ya pachifuwa imaonetsa ngati pali kale zotupa m'mapapo. Zikapezeka, opaleshoni ija ilibenso ntchito, £190 yanu yatsala m'thumba, ndipo nkhani isanduka yoti kodi mukufuna kumusamalira masiku ake otsala. Zikapanda kupezeka, ngakhale atatsegula n'kupeza chotupa m'chiberekero, kuchichotsa chisanafalikire nthawi zambiri kumachiza. X-ray siona tizotupa tating'onoting'ono, koma ndi bwino kuposa kulowa mumdima.

Funsaninso zaka zisanuzo anazidziwa bwanji. Kalulu wamkulu ndi wovuta kumuwerengera zaka, mano ake amakula moyo wonse, sizili ngati mbuzi imene Ankolo a ku Luton angaitsegule kukamwa n'kunena. Ngati palibe pepala la eni ake akale, akhoza kukhala wa zaka zitatu kapena zisanu ndi ziwiri.

Malume a ku Luton:
Mbuzi ndiye ndimaidziwadi, mwana iwe. Chabwino, ndagonja theka. Lipirani ya kuyezayo. Inayo tidzakambirana zotsatira zikabwera.

Make Tadala:
Ndangomaliza kulankhula nawo. Zaka akuti ndi zoona, anabwera ndi khadi lake la katemera. Dokotala wawo amapanga akalulu sabata iliyonse ndipo sawasalitsa chakudya, ndinafunsa dala. Avomera kuti tiyambe ndi kuyeza Lachinayi. Zikakhala bwino apanga opaleshoni sabata yamawa, ndipo akhala naye iwowo masabata awiri mpaka bala lipole. Ati £190 ndikhoza kulipira m'magawo awiri. Bambo a kunyumba sindinawauze mtengo wonse, ndiwauza akadya.

Bambo a Yamikani:
Akatuluka mufunse ngati wadya komanso ngati wachita chimbudzi, tsiku lomwelo, musadikire mawa. Muwaimbire ngakhale usiku.

Nachisale:
Nanga Tadala wamutcha ndani?

Make Tadala:
Chinangwa.

Malume a ku Luton:
Mbatata ndi Chinangwa. Ndiye mukuti ine ndi amene ndimaganiza za mphika?