Ndinaulula za ma invoisi achinyengo pa ntchito, tsopano andiitana kwa maloya a kampani

NaBanda_Chilomoni:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito ku akaunti pa kampani ina kuno ku Blantyre, eni ake ali ku Britain. Ntchito yanga ndi kulowetsa ma invoisi mu kompyuta ndikuwalumikiza ndi ma LPO (mapepala oitanitsira katundu kapena ntchito) komanso mapepala olandirira katundu. Chaka chathachi ndinayamba kudabwa ndi ma invoisi a kampani ina ya mathiraki yomwe akuti imatitengera katundu ku Beira. Invoisi ilipo, LPO ilipo, koma m'buku la alonda pa geti mulibe thiraki imeneyo tsiku limenelo. Ndalama zake nthawi zonse zimachepera pang'ono pa mlingo wofuna siginecha ya a MD, mkulu wa kampani yonse, ndiye zimangodutsa ndi siginecha ya bwana wanga yekha. Manambala a ma invoisiwo amangotsatana, 41, 42, 43, ngati kampaniyo ilibe kasitomala wina koma ife.

Ndinaimba nambala ya kampani yoululira zachinyengo yomwe anamata pa bolodi la ku kantini, osatchula dzina langa. Lolemba lapitali a HR, oyang'anira ogwira ntchito, andipatsa kalata yoti Lachinayi ndikaonekere kwa maloya awiri ndi munthu wa audit (wofufuza mabuku a ndalama) wochokera ku likulu ku Britain, nditenge laputopu, ndisafufute chilichonse, ndisauze munthu. Kalatayo sikunena ngati ndikupita ngati mboni kapena woganiziridwa, chonsecho ma invoisi onsewo ndinalowetsa ndine, dzina langa lili pamenepo. Kodi maloyawa ali mbali yanga? Ndiwauze kuti woimba uja ndine? Kapena ndingothamangira ku ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu, zisanandigwere?

Chisale_Limbe:

Achemwali, munaiputa dala. Ngati bwana wanuyo amadyera limodzi ndi akuluakulu, dziwani kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kayankheni kuti inu mumangolowetsa zomwe mwapatsidwa, basi, muzisamala ana.

Wopuma_Area25:

Mayi, ine ndinagwira ntchito ya audit mpaka kupuma, ndipo m'zipinda zoterezi ndakhalamo, mbali ya ofunsa. Choyamba mtima ukhale m'malo. Kalata yoti musafufute kanthu imapita kwa aliyense amene dzina lake likupezeka pa mapepala ofufuzidwawo. Kukuitanani sikutanthauza kuti adziwa kuti munaimba ndinu, ndiponso sikutanthauza kuti akukuganizirani. Nkutheka kuti mlonda wa pa geti ndi wa ku sitolo nawo alandira yawo.

Koma maloyawo si anu. Awalemba ndi kampani, akuwalipira ndi kampani, lipoti lawo likupita ku bodi. Akhoza kukhala anthu aulemu, kukufunsani za ana, kukuthirirani tiyi, koma zimenezo sizisintha amene akumuimira. Maloya ophunzitsidwa bwino amanena okha poyamba kuti tikuimira kampani osati inu, zomwe munene pano ndi chinsinsi cha kampani, ndipo kampani ikafuna ikhoza kuzipereka ku polisi osakupemphani. Mwambo umenewu unachokera ku America, pa mlandu wa kampani ya mankhwala ya Upjohn womwe khoti lalikulu la kumeneko linagamula mu 1981, ndipo makampani akunja amautsata kulikonse ali ndi nthambi. Akapanda kunena, funsani inuyo, mwaulemu, kuti kodi mukuimira ndani ndipo ine ndabwera ngati ndani. Yankho lake alilembe.

Mudzifunsenso chifukwa chimene likulu lalipirira ndege munthu kudzaona nkhani ya mathiraki. Ndalama zobedwa zimawawawa, inde, koma chimene chimawasowetsa tulo ndi china. Ku Britain kuli lamulo la Bribery Act la 2010, lomwe gawo 7 limati kampani ili ndi mlandu ngati munthu woigwirira ntchito wapereka chiphuphu kulikonse pa dziko pofuna kuipezera bizinesi, pokhapokha itaonetsa kuti inali ndi njira zokwanira zopewera zimenezo. Kampani ya mathiraki yopanda thiraki ndi njira yakale yotulutsira ndalama zokadyetsa munthu wina kunja. Choncho musadabwe akamabwereza funso loti ndalamazo zikachoka zimathera kuti, kapena ngati munamvapo za munthu wa boma. Akufuna adziwe ngati kampani yaberedwa kapena yalakwa. Zikakhala zakuba chabe, amachotsa munthu mmodzi nkhani nkutha. Zikakhala za ziphuphu, mudzaona maloya akuchuluka.

Tsopano za Lachinayilo. Malangizo a achimwene a ku Limbe ndikuwakana, chifukwa mukanena kuti simunaonepo kanthu, kenako apeze imelo yanu yofunsa za pepala la pa geti, mwasanduka wabodza, ndipo wabodza pa kafukufuku ndiye woyamba kuchotsedwa. Nenani zomwe munaona ndi maso anu: invoisi yakuti, tsiku lakuti, ndinafunsa uje, anandiyankha chakuti. Zomwe munangomva, monga zoti mwini mathirakiwo ndi mlamu wa wina, nenani kuti ndinangomva. Pomwe simukukumbuka nenani kuti sindikukumbuka, musalote. Ofufuza amakhulupirira kwambiri munthu wodziwa malire a zomwe akudziwa.

Usiku uno tengani kope lanu la kunyumba mulembe zonse motsatana masiku ake. Koma mafayilo a kampani musatuluke nawo, ndipo musadzitumizire ku Gmail yanu. Ndinaonapo mtsikana wina wa ku akaunti, wolungama ndithu, atachotsedwa ntchito chifukwa chotulutsa zinsinsi za kampani, pamene wakubayo anapatsidwa mwayi wolemba yekha kalata yosiya ntchito nkulandira zake zonse. Zinandinyansa, koma pa pepala mtsikanayo anaphwanyadi lamulo la pa ntchito.

Akamaliza akhoza kukupatsani zomwe alemba kuti musaine. Werengani mzere uliwonse ngakhale akuyang'ana wotchi. Pomwe alemba mawu omwe simunanene, dulani ndi cholembera, lembani zoona pambali, pemphani kope lanu. Ndipo kumbukirani kuti kufufuza si hearing, bwalo la pa ntchito lozengera mlandu. Gawo 57 la Employment Act limati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zomwe akumunenera. Mukaona mafunso atembenuka nkuyamba kukuimbani mlandu, nenani kuti mukufuna milanduyo ilembedwe ndi nthawi yokonzekera. Zikafika poipa, dandaulo limapita ku ofesi ya Labour pasanathe miyezi itatu chikuchotsereni ntchito, kenako ku Industrial Relations Court.

Za ACB: anthu ambiri amaganiza kuti iwo ndi a za boma zokha, koma Corrupt Practices Act imakhudzanso ziphuphu za m'makampani omwe si aboma, ndipo gawo 51A limateteza munthu amene wakanena ku ACB kapena ku polisi. Onani bwino pamenepo. Nambala ya pa bolodi la ku kantini ija chitetezo chake ndi lonjezo la kampani. Ngati nkhani ili yakuba chabe popanda chiphuphu, eni ake ndi a Fiscal Police, apolisi ofufuza milandu ya ndalama. Ine ndikanadikira kaye ndione mmene Lachinayi liyendere. Khomo la kunja silitsekeka.

Mnyamata_wa_ku_Joni:

Adadi a ku Area 25 anena zonse, ine ndingowonjeza za kuno. Pa pepala South Africa ili patsogolo kwambiri. Protected Disclosures Act ndi ya 2000, anaikonzanso mu 2017, ndipo abwana akalandira nkhani amayenera kukuyankha polemba pasanathe masiku 21 ngati afufuze kapena ayi. Akakuchotsa chifukwa choulula, khoti likhoza kulamula malipiro ofika miyezi 24. Palinso lamulo lokakamiza akuluakulu a kampani kukanena kwa a Hawks, apolisi ofufuza milandu ikuluikulu, akadziwa za chinyengo cha R100,000 kapena kuposa. Koma malamulo onsewo analipo pa 23 August 2021 pomwe mayi Babita Deokaran anawomberedwa pakhomo pawo ku Johannesburg akuchokera kosiya mwana ku sukulu. Anali mkulu wa za chuma ku nthambi ya zaumoyo ya Gauteng, ndipo anali ataimitsa malipiro okayikitsa a chipatala cha Tembisa. Amuna 6 omwe anamangidwa anavomera mlandu mu 2023.

Sindikukuopsezani asisi, nkhani yanu ndi yaing'ono poyerekeza. Ndikungoti pakamwa. Musakambe mu minibasi, musakaipereke ngati pemphero ku mlaga, ngakhale mnzanu wodya naye nkhomaliro asadziwe. Nambala ya refarensi yomwe anakupatsani poimba paja muisunge kunyumba.

Anaphiri_Leeds:

Ine ndimagwira ntchito ku nyumba yosamalira okalamba kuno ku Britain, ndipo maphunziro a zoulula amatipatsa chaka chilichonse. Lamulo la kuno ndi Public Interest Disclosure Act la 1998, koma musadalire limenelo achemwali, kontrakiti yanu ndi ya ku Malawi. Chomwe mungagwire ndi ndondomeko ya likulu lawo. Makampani oterewa amakhala ndi chikalata choletsa kubwezera munthu woulula, pemphani kope kwa a HR kapena fufuzani pa intaneti, ambiri amaika poyera.

Funso limodzi aliyense walilumpha: muwauze kuti ndinu? Ine ndikuti auzeni, ndipo polemba. Mawa akakusamutsirani ku depoti ya kutali kapena kukumanani bonasi, mukadandaula adzati ife sitinkadziwa kuti woimba anali iyeyu, ndiye tabwezera bwanji? Kubisala kumateteza mpaka tsiku lomwe akuganizirani, kuchoka apo kumateteza iwowo. Komanso dzina lanu lili pa ma invoisi onse. Chokusiyanitsani ndi wakuba ndi foni munaimba ija.

NaBanda_Chilomoni:

Zikomo nonse, ndapumako. Kope ndayamba kulemba. Koma pabuka china. Madzulo ano bwana wanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti tionane kunja kwa ofesi Lachinayi lisanafike, akuti tigwirizane zokanena. Sindinayankhe. Foniyi ndi yanga yogula ndekha, koma gulu la WhatsApp la ku ofesi lili momwemo. Akaifuna ndiwapatse?

Wopuma_Area25:

Musapite, mayi. Uthengawo musaufufute, ndipo muujambule pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake, chifukwa iye akhoza kuufufuta mbali zonse ziwiri. Umenewo ndi uthenga wobwera kwa inu pa foni yanu, si fayilo ya kampani. Mukafuna kuyankha, mzere umodzi wokwana: kalata ya HR yandiletsa kukamba nkhaniyi ndi aliyense. Mukakumana naye, ngakhale mukakane zonse, Lachinayi funso loyamba lidzakhala loti munakambirana chiyani, ndipo iye adzakhala ndi nkhani yakeyake ya zomwe munanena.

Pa za Anaphiri, poyamba ndikanati dikirani, chifukwa dzina likatuluka silibwerera ndipo ma ofesi athu ndi aang'ono, wa HR ndi bwana wanu mwina amapemphera mpingo umodzi. Koma uthenga wa madzulo anowu wasintha zinthu. Bwanayo akufuna mukhale naye m'gulu, ndipo mukakana adzadziwa yekha mbali yomwe muli. Ndiye ululani, koma kwa munthu wa ku likulu ndi maloya okha, chitseko chitatsekedwa, wa HR wa pompano atatuluka. Apatseni nambala ya refarensi, aonetseni uthengawo, ndipo pemphani kuti alembe mayina a anthu omwe adzauzidwe. Mukatuluka, tumizani imelo yaifupi kwa munthu wa ku likuluyo yotsimikiza kuti lero ndakuuzani zakuti, kuti tsiku likhale pa pepala.

Laputopu ndi yawo, apatseni, ndipo musayambe kuchotsamo zithunzi za ukwati usiku uno, akatswiri awo amaona chilichonse chofufutidwa ndi nthawi yake ndipo adzachiwerenga molakwika. Foni ndi yanu. Maloya a kampani si apolisi, alibe chikalata cha khoti. Musakane mwamwano, nenani kuti mauthenga okhudza ntchito muwaonetsa muli pomwepo ndipo akhoza kuwajambula, koma foni simuisiya. Akaumirira, auzeni alembe pempholo ndi gawo la kontrakiti lomwe akuimirapo, mukafunse loya wanu. Ngati mungakwanitse, kaonaneni ndi loya wa za ntchito Lachitatu, mutatenga kontrakiti yanu, kalata ya HR ija ndi kope lanu.