Keynote ndi workshop, kusiyana kwake nkotani?

Muli bwanji nonse abale anga mu gulu lino. Ine ndili kuno ku Chipata, ndimaphunzitsa azimayi a village banking kasungidwe ka ndalama. Bungwe lina landiitana ku msonkhano wawo ku holo mtauni muno, mkalata alemba kuti ndikapereke keynote (nkhani yaikulu ya pa msonkhano) ya mphindi 45 kwa anthu mazana awiri, lomba mutu waima.

Chomwe ndinazolowera ndi workshop, anthu ochepa tsiku lonse, timagawana m'magulu, flipchart pakhoma, aliyense agwire cholembera awerengere yekha chiongola dzanja mpaka amvetse. Nanga khamu lonselo lili phee pa mipando ndingaliphunzitse bwanji? Ndinaimbira okonza msonkhano, angoti "mudzangolimbikitsa anthu, amayi", basi. Ndaonera ma TED (mavidiyo a anthu okamba nkhani pamaso pa khamu) pa YouTube, ndaona kuti amagwira mfundo imodzi ndi kankhani, koma sanena mmene amakonzera. Mnzanga wa ku Lusaka nayenso sanayankhe meseji.

Inu amene munachitapo zonse ziwiri, ndisiye masamu onse ndingokamba nkhani? Mafunso amalola pamapeto? Nanga mtengo, mumatchaja chimodzimodzi ndi workshop ya tsiku lonse kapena keynote ili ndi wake? Chonde ndithandizeni, msonkhano uli mwezi wamawa.