Thandizeni abale: MEA wathu akuda msanga, pulojekiti yaima

Membala wosadziwika: Moni akuluakulu. Admin chonde dzina langa lisaoneke. Ndili chaka chomaliza cha chemical engineering, pulojekiti yathu ndi yokoka mpweya wa carbon dioxide (CO2) mu utsi. Tinathira MEA (monoethanolamine, mankhwala okoka CO2 a m'gulu la ma amine) 30% m'madzi monga mabuku amanenera. Utsi umalowera pansi pa kolamu (chipaipi chachitali choimirira), madziwo amatsika kuchokera kumwamba, kenako timawatenthetsa kuti CO2 atuluke. Poyamba zimayenda bwinobwino. Pano madzi aja anali oyera mbee afiira ngati tiyi wopanda mkaka, akununkha ammonia, ndipo CO2 akukoka wochepa. Mnzanga amene tinapatsidwa limodzi pulojekitiyi ku labu sabwera, amangoti ali kumaliro, maliro ake osatha. Asupavaiza mameseji amangowerenga osayankha. Ndalama ya MEA anapereka ndi mayi anga a geni ya kaunjika, sindingakapemphenso. Alandilodi nawo akweza lendi. Kodi alipo amine wosaonongeka msanga? Usiku sindikugona.

Madala a ku Secunda: Mwanawe, MEA ndi wa agogo. Kutsuka mpweya ndi ma amine kunayamba mu 1930, iwe ukadali pomwepo? Amine wabwino ndi PIPERAZINE basi. Gary Rochelle wa ku University of Texas ku Austin wakhala akuonetsa zimenezi kwa zaka zambiri. MEA ukangomudutsitsa madigiri 120 amayamba kuphwanyika, piperazine amapirira mpaka 150, komanso amakoka CO2 mwachangu. Ku Boundary Dam ku Canada anatsegula makina okoka CO2 mu 2014 ndi mankhwala a Cansolv, ku Petra Nova ku Texas mu 2017 ndi KS-1 ya Mitsubishi. MEA wamba wamuona pamenepo?

Nachisale Wamitengo: Koma anthu ophunziranu mumandiseketsa. Mitengo ikutha ndi makala inu muli pa mankhwala. Petra Nova yomweyo CO2 wake ankapopera m'zitsime za mafuta kuti mafuta atuluke ambiri, ndipo mtengo wa mafuta utagwa mu 2020 anaitseka. Kumeneko nkusamala dziko? Dzala mibawa mwana wanga.

Madala a ku Secunda: Anaitsegulanso mu 2023, muziwerenga mpaka kumapeto mayi. Mbawa wanuwo mukauimika pa chumuni cha fakitale ya simenti?

Nachisale Wamitengo: Bambo inu musandiyankhule ngati ndine wantchito wanu.

Chimzy: Ammonia yo usataye aise, feteleza wakwera mtengo 😂 kathire ku dimba.

Sisi Tiya: Chimzy usamaseweretse mwana, madzi amenewo ndi poizoni, sathira pa ndiwo. Wofunsawe, utsi wako ukuchokera kuti? Nanga mapaipi ndi thanki yotenthetsera ndi za chitsulo chanji? Fungo la ammonia limasonyeza kuti oxygen ndi amene akudya MEA wako, ndipo dzimbiri kapena kopa zikasungunukiramo kuonongekako kumathamanga kwambiri. Mu utsi mukakhala mipweya ya SO2 kapena NO2 zimagwirana ndi amine nkupanga mchere umene sumasuka ngakhale utenthetse bwanji. Amine amene wagwidwa choncho ndiye wapita. Yankha kaye zimenezi usanagule chilichonse.

Bambo a Mphatso ku UK: Inu a piperazine munene zonse. Ine ku labu ina kuno ankatigwiritsa piperazine wochuluka. Nthawi yozizira chotenthetsera chinafa kumapeto kwa sabata, Lolemba tinapeza mankhwala onse aundana m'mapaipi, mbuu! Pampu inapsa. Wondiyang'anira anati ndine wosasamala pamene chotenthetseracho ndinali nditanena kale kuti chikuvuta. Mpaka lero sitilankhulana. Azungu ena nkhanza abale, musamaone zithunzi zathu pa Facebook.

Madala a ku Secunda: Kumeneko kuzizira, kwathu kuno aundana bwanji? Mukaopa sakanizani piperazine ndi amine wina wotchedwa AMP, msakanizowo ndiye CESAR1, anaiyesa ku Mongstad ku Norway. Ine zinthuzi ndazigwira ndi manja angawa, sindikunena za pa YouTube. Ana a masiku ano mukufuna digiri koma kuwerenga ayi.

Sisi Tiya: Madala, piperazine akakumana ndi NO2 amapanga nitrosamine, zoyambitsa khansa. Mwana ali mu labu yoti sitikudziwa ngati ili ndi potulutsira mpweya. Komanso MEA sanathe ntchito, ndi amene ofufuza amayerekezera naye mankhwala atsopano onse.

Madala a ku Secunda: Mantha basi. Ku Sleipner ku Norway akhala akuchotsa CO2 ndi amine wina wotchedwa MDEA kuyambira 1996, zaka zoyambirira matani pafupifupi 1 miliyoni pachaka, wafa ndani?

Injiniya Wachete: Sleipner amatsuka gasi wochokera pansi pa nyanja, mulibe oxygen, musasakanize nkhani. Mng'ono wanga, utsi uziudutsitsa kaye m'madzi a soda kuti uzizire kufika madigiri cha m'ma 40 ndi kusiya SO2 ndi mwaye. Zitsulo zonse zikhale stainless kapena galasi. Sunga madzi akudawo m'mabotolo olemba tsiku, ndi zotsatira zimenezo, ukhoza kulemba chaputala chonse.

M'busa Wachinyamata: Za mnzakoyo mukhululukire, mwina maliro ndi enieni. Tikupempherera.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Abusa, si enieni, dzulo anaika sitetasi ali ku nyanja. Asupavaiza ayankha tsopano koma angoti "noted". Ndiye piperazine yo amagulitsa kuti, ndipo ndi ndalama zingati?

Sisi Tiya: Iwe, UTSI UKUCHOKERA KUTI? Ngati ndi jenereta ya dizilo nena, muli oxygen ndi NOx (NO2 ndi anzake) wambirimbiri, piperazine usamuyandikire.

Madala a ku Secunda: Ndiimbire ku inbox mwanawe, awa angokusokoneza.

Nachisale Wamitengo: Mbande ndili nazo, ndimatumiza pa basi.